Kodi ana oguba ku Dehradun aja ndi asilikali kapena ana a sukulu?

Bambo wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi wanditumizira imelo. Mdzukulu wawo anawaonetsa kanema pa foni, momwe ana aang'ono a ku India akuguba atavala yunifolomu, pa chipata patalembedwa zilembo zoti RIMC. Mafunso awo ndi atatu: kodi imeneyi ndi sukulu kapena ndi kampu ya asilikali, n'chifukwa chiyani makolo amalola mwana wa zaka 12 kupita kumalo otere, nanga mwana wa kuno angaloledwe?

Bambo, ndiyambe ndi funso lanu lomaliza poti yankho lake ndi lalifupi. Malo a pasukuluyi amagawidwa potsata zigawo za dziko la India, ndipo fomu ya mwana imadzera ku boma la chigawo chimene makolo ake amakhala. Choncho mdzukulu wanu alibe khomo lolowera. Mafunso awiri enawo ndiwo ofuna kukhalira pansi, chifukwa simungayimvetse sukuluyi musanadziwe vuto limene inabadwira.

Dzina lake lonse ndi Rashtriya Indian Military College. Ili mumzinda wa Dehradun, m'chigwa cha Doon, m'munsi mwa mapiri a Himalaya, m'chigawo cha Uttarakhand. Ndi sukulu yogonera komweko, yoyendetsedwa ndi unduna wa zachitetezo, ndipo mkulu wake amakhala msilikali. Koma anawo si asilikali. Amaphunzira masamu, sayansi, Chingelezi ndi maphunziro ena monga ana a sukulu zina za m'dzikomo, kuyambira kalasi 8 mpaka kalasi 12, zaka zisanu.

Pa nthawi ya atsamunda, gulu la nkhondo la India linali lodzaza ndi Amwenye, koma maudindo apamwamba onse anali a Angelezi. Mmwenye ankatha kukwera mpaka pa udindo wa subedar-major, munthu wa imvi amene wamenya nkhondo moyo wake wonse, komabe n'kumalamulidwa ndi mnyamata wachingelezi amene wangotuluka kumene ku koleji. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Amwenye oposa miliyoni imodzi anatumizidwa kunja kukamenyera ufumu wa Britain, ndipo ambirimbiri anafera komweko. Zitatero kunali kovuta kupitiriza kuwakaniza maudindo. M'chaka cha 1918 boma linalola kuti Amwenye 10 pachaka azipita ku Sandhurst, koleji yophunzitsa maofisala ku England.

Anyamata oyambawo ambiri sanamalize. Angelezi anati vuto ndi kaleredwe: mwana wachingelezi ankafika ku Sandhurst atakhala kale zaka zingapo pasukulu yogonera, atazolowera masewero awo, kadyedwe kawo, chilankhulo chawo ndi malamulo awo, pamene Mmwenye ankakumana ndi zonsezo tsiku limodzi, kudziko lachilendo ndi lozizira. Ine ndimaona kuti tsankho nalo linalipo ndithu. Koma mankhwala amene anasankha anali oti amange sukulu yofanana ndi zakwawo, itenge mwana akadali wamng'ono, imuumbe kuti akakafika ku Sandhurst asakaoneke mlendo.

Sukuluyi inatsegulidwa pa 13 Malichi 1922 ndi mwana wa mfumu ya Britain, amene pambuyo pake anadzakhala Edward VIII, ndipo inatchedwa Prince of Wales Royal Indian Military College. Anagwiritsa ntchito malo amene kale panali Imperial Cadet Corps, gulu limene Lord Curzon, bwanamkubwa wa Britain ku India, anakhazikitsa kuti liziphunzitsa ana a mafumu a ku India zausilikali. Tsiku lotsegulira sukululo liyang'anitsitseni. Ulendo wa mwana wa mfumuyo unkanyanyalidwa m'mizinda yambiri, ndipo Gandhi anali atamangidwa pa 10 Malichi, masiku atatu okha m'mbuyo mwake. Dziko likuwira chotero, atsamunda ankafuna maofisala achimwenye amene angawakhulupirire, n'chifukwa chake ana oyamba ankachokera m'mabanja osankhika, odziwika kuti ndi okhulupirika ku boma.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene anawo anadzachita atakula. K. S. Thimayya, mmodzi wa ophunzira a zaka zoyambirira, anadzakhala mkulu wa gulu lonse la nkhondo la India yodzilamulira kuyambira 1957 mpaka 1961, ndipo anamwalira ku Cyprus mu 1965 akutsogolera asilikali osungitsa mtendere a United Nations. Premindra Singh Bhagat anapata Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku Britain, mu 1941 konkuno ku Africa, kumalire a Sudan ndi Ethiopia, komwe anakhala masiku anayi akutsogolera ntchito yozula mabomba okwirira pamsewu, galimoto yake kuphulitsidwa koma iye osabwerera m'mbuyo. Somnath Sharma anafa pa 3 Novembala 1947 ku Badgam, ku Kashmir, akuteteza njira ya ku bwalo la ndege la Srinagar, dzanja lili mu pulasitala, ndipo ndiye anali woyamba kupatsidwa Param Vir Chakra, mendulo yapamwamba kwambiri ya kulimba mtima ku India. Mng'ono wake, V. N. Sharma, anaphunziranso pomwepo ndipo anadzakhala mkulu wa gulu la nkhondo mu 1988.

Chaka chomwecho cha 1947 chinang'amba sukuluyi pakati. Dziko litagawika kukhala India ndi Pakistan, anthu amene ankagona chipinda chimodzi ali ana anapezeka m'magulu a nkhondo oyang'anizana. Asghar Khan ndi Nur Khan, amene anatsogolera motsatizana gulu la nkhondo la mumlengalenga la Pakistan, onse anadutsa ku Dehradun, ndipo Nur Khan ndiye anali pampando pa nkhondo ya maiko awiriwa ya 1965. Ngakhale mphunzitsi wawo wotchuka, Hugh Catchpole, anawoloka malire n'kukayambitsa Cadet College Hasan Abdal ku Pakistan mu 1954. Inu monga mphunzitsi mukudziwa mmene zimawawira kumva kuti ana amene munawaphunzitsa m'kalasi imodzi adana. Apa panali mfuti ndi ndege.

Tsono miyambo. India italandira ufulu sinagwetse sukuluyi, inangoyisintha dzina ndi cholinga. Mwana amaikidwa m'gulu limene adzakhalemo pa zaka zake za pasukulupo: amagona ndi anzake a gululo, amadya nawo, amapikisana ndi magulu ena m'dzina la gulu lake. Poyamba magulu anali atatu, otchedwa Rawlinson, Roberts ndi Kitchener, maina a Angelezi amene analamulirapo asilikali a ku India. Lero maina ndi Pratap, Ranjit, Shivaji ndi Chandragupta. Pratap anali mfumu ya Mewar imene inakana kugonjera Akbar, mfumu yaikulu ya ufumu wa Mughal, Ranjit Singh anamanga ufumu wa Asikhi ku Punjab, Shivaji anayambitsa ufumu wa Amaratha, ndipo Chandragupta ndi mfumu yamakedzana imene inakhazikitsa ufumu wa Maurya. Kachitidwe ndi komwe kaja ka Angelezi, koma mwana amene akuthamangira chikho tsopano amafuula dzina la mfumu yakwawo. Kwa ine kusinthaku kunali kwanzeru, chifukwa anasunga chimene chinkagwira ntchito n'kuchotsa chimene chinkanyoza.

Tsiku limayamba m'bandakucha ndi masewero olimbitsa thupi, kenako makalasi, masana masewero, madzulo kuwerenga. Nkhonya, hoke, kusambira, kukwera mahatchi ndi kuwombera chandamale zimatengedwa ngati mbali ya maphunziro. Ana akuluakulu amapatsidwa maudindo oyang'anira ang'onoang'ono, ndipo apa ndi pamene mwana amaphunzira kulamula ndi kumvera. Ophunzira akale amadzitcha Rimcollians, ndipo chaka chilichonse nthawi ya 13 Malichi amabwerera ku Dehradun, nkhalamba zopuma pa ntchito pamodzi ndi anyamata amene angolandira udindo, kukaika nkhata pa chipilala cha anzawo amene anafera ku nkhondo.

Mwafunsa chifukwa chake makolo amalola. Choyamba, malo ndi ochepa zedi. Kwa zaka zambiri sukulu yonse yakhala ndi ana pafupifupi 250, ndipo yakhala ikutenga ana pafupifupi 25 kawiri pachaka, mu Januwale ndi mu Julayi, m'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni. Mwana ayenera kukhala pakati pa zaka 11 ndi theka ndi 13, alembe mayeso a Chingelezi, masamu ndi zodziwa wamba, afunsidwe mafunso pamaso, ayezedwe m'thupi. Banja limene mwana wake wasankhidwa limaona kuti lapata mwayi waukulu. Chachiwiri, njira yapatsogolo ndi yooneka. Kuyambira 1932 India ili ndi koleji yakeyake ya maofisala, Indian Military Academy, mu Dehradun momwemo, ndipo za Sandhurst zinatha kalekale. Masiku ano ana a RIMC amakonzekeretsedwa kupita ku National Defence Academy ku Khadakwasla, pafupi ndi Pune. Sangolowa chifukwa cha dzina la sukulu. Amayenera kupambana mayeso ndi kusankhidwa monga wina aliyense, ndipo ena amatsata ntchito zina.

Nkhawa yanu ndikuyimva, ndipo sindikufuna kuyipeputsa. Zaka 12 ndi zochepa kuti munthu asankhe moyo wake wonse, ndipo nthawi zambiri amene wasankha ndi kholo. Komanso paliponse pamene mwana wamkulu wapatsidwa mphamvu pa mwana wamng'ono, pamafunika maso a akuluakulu usana ndi usiku. Amene tinadutsa m'sukulu zogonera kuno kwathu tikudziwa zimene a Fomu 1 amakumana nazo magetsi akazimitsidwa. Mwambo wabwino ndi nkhanza zimagona nyumba zoyandikana, ndipo ntchito ya aphunzitsi ndi kuonetsetsa kuti mpanda wa pakati pake usagwe.

Mwambo umodzi wagwa posachedwapa, ndipo ine ndinakondwera nazo. Kwa zaka pafupifupi 100 sukuluyi inali ya anyamata okhaokha. Mu 2021 khothi lalikulu la India linagamula kuti atsikana aloledwe kulemba mayeso olowera ku National Defence Academy, kenako linalamulanso chimodzimodzi pa RIMC. Atsikana oyamba analowa mu 2022, chaka chimene sukulu inkakondwerera zaka 100.

Mdzukulu wanu akakuonetsaninso makanema ena a ana oguba, musadabwe kuona maina osiyana. India ilinso ndi Rashtriya Military Schools zisanu, ku Chail, Ajmer, Belgaum, Bengaluru ndi Dholpur, komanso Sainik Schools zimene nduna ya zachitetezo V. K. Krishna Menon inayambitsa mu 1961 kuti ana a m'mabanja wamba ochokera m'zigawo zonse apeze njira yokhalira maofisala. Zimenezi zilipo zoposa 30, ndipo mwana wa kumudzi wofuna kukhala ofisala angathe kuyambira kumeneko.