Chipidigoli cha pamchenga ndi mayunivesite a ku America

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena a ku Nkhotakota. Akuti ana awo awiri, mnyamata wa zaka 14 ndi mtsikana wa zaka 9, akangoweruka kusukulu amathamangira kunyanja kukachita chipidigoli mpaka dzuwa kulowa. Mayiwa anaona pa YouTube atsikana a payunivesite ina ku America akusewera jimunasitiki m'holo yodzaza ndi anthu, ndiye akufunsa kuti: "Kodi masewerawa angawafikitse ana anga kusukulu yotere? Nanga mwayi wa mnyamata ndi wa mtsikana ndi umodzi?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ana ngati anuwo ndimawaona kuno ku Senga Bay. Amakwirira tayala lakale mumchenga, wina n'kuthamanga, kuliponda, kutembenuka m'malere n'kutera chiimirire, anzake akukuwa. Luso limenelo si lamasewera, ndipo ine limandikhudza.

Ndiyambe ndi funso lachiwiri. Mwayi si umodzi ayi. Pansi pa bungwe la NCAA, lomwe limayendetsa masewera m'mayunivesite a ku America, matimu a jimunasitiki a atsikana amapitirira 80, pomwe a anyamata safika ngakhale 20. Kale a anyamata analipo ambiri. Mu 1972 kunabwera lamulo lotchedwa Title IX, loletsa sukulu zolandira ndalama za boma kukondera pakati pa amuna ndi akazi. Lamuloli linatsegulira atsikana khomo, ndipo ine sindiliona cholakwa. Vuto ndi momwe akuluakulu a mayunivesite anachitira. Mpira wawo uja wa American football umatenga anyamata oposa 100 pa timu imodzi komanso ndalama zambirimbiri, ndiye pofuna kulinganiza chiwerengero, nkhwangwa inkagwera masewera ang'onoang'ono a anyamata. Mu 2020, nthawi ya Covid, mayunivesite a Minnesota ndi Iowa analengeza kuti akuthetsa matimu awo a anyamata, a atsikana n'kutsala.

Matimu a anyamata otsalawo ndi akatswiri zedi, monga a mayunivesite a Stanford, Michigan, Oklahoma ndi Penn State. Stephen Nedoroscik, amene anapata mendulo ya bronze ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024, anadzera ku Penn State. Kwa atsikana zinthu zikuyenda: payunivesite ya Utah anthu pafupifupi 15,000 amadzaza holo kudzaonera, ndipo Sunisa Lee atawina golide ku Olimpiki ya ku Tokyo anapita kukasewerera yunivesite ya Auburn.

Koma apa ndiye mumvetsetse, mayi. Chipidigoli ndi kachigawo chabe. Mtsikana amapikisana pa zinthu zinayi: kudumpha tebulo, kulendewera pa mipiringidzo iwiri yosiyana kutalika, kusewera pansi motsatira nyimbo, ndi mtanda. Mtandawo ndi wotalika mamita 5 koma m'lifupi mwake ndi masentimita 10 okha, ngati chikhatho chanu, ndipo uli m'mwamba kupitirira mita imodzi. Pamenepo mwana ayenera kutembenuka chagada n'kuteranso pomwepo. Mnyamata zake ndi zisanu ndi chimodzi, kuphatikizapo mphete ziwiri zolendewera pa zingwe, ndi chida chonga msana wa hatchi chimene amazungulirapo atatsamira manja okha. Zimenezi mchenga sungaphunzitse. Amene amatengedwa ndi mayunivesitewa amakhala atayamba ali ndi zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, m'makalabu okhala ndi zida ndi makochi, maola 20 kapena kuposa pa sabata, ndipo ena a iwo anaimirapo kale mayiko awo.

Ndiye sindikunamizani: kwa mnyamata wa zaka 14 amene sanagwirepo mphete, khomo limenelo ndi lopapatiza kwambiri. Kwa mtsikana nthawi ikadalipo pang'ono, koma pafunika malo okhala ndi zida, osati luso lokha. Ndipo ngakhale katswiri weniweni salowa payunivesite popanda magiredi abwino, choncho MSCE ndiye ikhale patsogolo kwa onse awiri. Mayunivesite ambiri kumeneko ali ndi makalabu a jimunasitiki a ophunzira wamba, moti wolowa chifukwa cha maphunziro akhoza kukaigwira mpheteyo ndithu.

Musawaletse. Thupi limene akulimanga panoli lidzawathandiza pa mpira, pa kuthamanga, pa kusambira, ngakhale pa magule. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi khosi. Mwana wosweka dzanja amachira, koma wogwera mutu akhoza osadzayendanso. Auzeni kuti asayesere kutembenuka kawiri m'malere, asadumphire m'madzi osaya kuchokera pabwato kapena pathanthwe, ndipo asachite chipidigoli pasimenti pofuna kugometsa anzawo. Mupite nawo tsiku lina madzulo, mukaone ndi maso anu malo amene amatera, mufukule mchengawo ndi phazi kuti muone ngati mulibe miyala kapena mabotolo osweka. Mukatero muwajambule pafoni, mukaonetse aphunzitsi awo a masewera kusukulu.