Chimene Chinagwetsa Creedence Clearwater Revival: Yankho kwa Wowerenga

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso limene yankho lake ndi lalitali, ndipo ndaona kuti ndi bwino kuliyankha pano kuti enanso amve nawo. Iye akuti anakula akumva nyimbo za Creedence Clearwater Revival pa makaseti a bambo ake, koma wadziwa posachedwapa kuti m'gululi munali abale awiri a bere limodzi, Tom ndi John Fogerty, ndiponso kuti wamkuluyo anamwalira awiriwa asanagwirizanenso. Funso lake ndi ili: "Chinachitika n'chiyani kuti gulu lotchuka chonchi lithe patangopita zaka zinayi? Poti amati chibale ndi fupa sichiwola, wolakwa anali ndani pa awiriwa?"

Bambo, zikomo chifukwa cha funsoli. Maganizo anga ndi akuti chimene chinakweza gululi ndi chomwecho chimene chinaligwetsa, ndicho kuika zonse m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali mng'ono amene anatenga malo omwe poyamba anali a mkulu wake. Mkangano wa abalewa ukanatha kuzirala pakapita nthawi, koma unakolezedwa ndi kontirakiti yoipa imene anasaina ndi kampani yojambula nyimbo, ndipo nkhani ya ndalamayo ndi imene inatseka njira yoyanjanirana.

Gululi linachokera ku El Cerrito, tauni yaing'ono ya ku California imene ili kutsidya kwa nyanja kuchokera ku San Francisco. John Fogerty, amene anabadwa mu 1945, anayamba kuimba ndi anzake a kusukulu, Stu Cook ndi Doug Clifford, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ndipo ankadzitcha The Blue Velvets. Tom, wobadwa mu 1941, anali kale woimba wodziwika pang'ono m'deralo, choncho anyamata atatuwo ndi amene ankamuimbira zida. Nyimbo zawo zoyamba, za mu 1961 ndi 1962, zinatuluka ndi dzina lakuti Tommy Fogerty and the Blue Velvets. Mfundo imeneyi muisunge bwino, chifukwa anthu ambiri okonda gululi saidziwa: mwini maikolofoni poyamba anali Tom, ndipo dzina lake ndi limene linali patsogolo.

Mu 1964 anasaina ndi Fantasy Records, kampani ya ku San Francisco imene inkadziwika ndi nyimbo za jazi. Eni kampaniyo anawapatsa dzina lakuti The Golliwogs, limene iwo sanalikonde, ndipo nyimbo zimene anatulutsa ndi dzinali sizinapite patali. Koma m'zaka zosayenda malondazi zinthu zinasintha m'kati mwa gulu. Mawu a John anakhwima n'kukhala amphamvu, osasa ndi okanda kukhosi, ndipo luso lake lopeka nyimbo linaposa la mkulu wake moonekeratu. Tom anabwerera m'mbuyo, nasiyira mng'ono wake kuimba, iye n'kutenga gitala ya rizimu. Zimenezi anachita mwa kufuna kwake, poona kuti gulu lipindula. Ndi achikulire owerengeka amene angachite chotere, ndipo ine ndimaona kuti mbiri ya gululi simupatsa Tom ulemu wokwanira pa chinthu chimenechi.

John ndi Doug anaitanidwa ku usilikali mu 1966, nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, ngakhale kuti sanatumizidwe kunkhondoko. Pamene ankabwerera, kampani ya Fantasy inali italowa m'manja mwa Saul Zaentz, amene anawalola kusintha dzina. Chimbale choyamba cha Creedence Clearwater Revival chinatuluka mu 1968, ndipo nyimbo ya "Susie Q", yomwe inali yakale ya woimba wina, inawatsegulira mawayilesi a dziko lonse la America.

Zimene zinatsatira n'zovuta kuzikhulupirira kwa munthu wozolowera oimba a masiku ano, amene amatha zaka zitatu akukonza chimbale chimodzi. M'chaka cha 1969 chokha anatulutsa zimbale zitatu: Bayou Country, Green River ndi Willy and the Poor Boys. Mu 1970 anawonjezera ziwiri, Cosmo's Factory ndi Pendulum, ndipo Cosmo's Factory inakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard kwa milungu 9. Nyimbo zawo zisanu zinafika pa nambala 2 ku America, kuphatikizapo "Proud Mary" ndi "Bad Moon Rising", koma palibe imene inafika pa nambala 1 kumeneko, ngakhale kuti "Bad Moon Rising" inatero ku Britain. Pamene magulu ena a ku San Francisco ankaimba nyimbo zazitali zosadziwika pothera, iwo ankatulutsa nyimbo za mphindi ziwiri kapena zitatu, zolongosoka, zoti munthu n'kuziloweza atangozimva kawiri. Chodabwitsa china n'chakuti ankaimba za madambo a ku Louisiana ndi za sitima za pa mtsinje wa Mississippi mogwira mtima kwambiri moti ambiri ankaganiza kuti ndi ochokera kummwera kwa America, chikhalirecho anali ana a ku California.

Liwiro limeneli linatheka chifukwa panalibe kukambirana. John ndiye ankapeka nyimbo, kuimba, kuliza gitala ya lidi, kukonza mmene chida chilichonse chimvekere, kuyang'anira kujambula mu situdiyo, ndipo pamwamba pa zonsezi anali ngati manijala wa gulu. Iye mwini anafotokozapo kuti pojambula "Proud Mary" sanakhutire ndi mawu ovomereza a anzakewo, choncho anawajambulanso yekha. Tangoganizani mmene Tom anamvera, munthu amene zaka zochepa m'mbuyomo anali wotsogolera nyimbo, tsopano akuonedwa kuti ngakhale kuvomereza kumene sakutha. Pa chikondwerero chachikulu cha nyimbo cha Woodstock mu Ogasiti 1969 gululi linaimba usiku kwambiri pambuyo pa gulu la Grateful Dead, anthu ambiri atatopa kale, ndipo John sanasangalale ndi mmene zinayendera, moti anakana kuti gululi lioneke mu filimu ya chikondwererocho. Filimuyo inatchukitsa magulu ena ambiri, ndipo kwa zaka zochuluka anthu sankadziwa n'komwe kuti Creedence inaimba nawo kumeneko. Chigamulo chachikulu chotere chinachokera kwa munthu mmodzi.

Apa ndiyenera kuchita chilungamo kwa John. Khutu lake silinkanama. Pafupifupi nyimbo zonse zimene bambo anu ankamvera pa makaseti aja zinachokera m'mutu mwake, ndipo mantha amene anali nawo, akuti akangopuma pang'ono gulu liiwalika n'kubwerera ku umphawi wa masiku a Golliwogs, anali ndi maziko, popeza anali atavutika zaka pafupifupi khumi asanaone phindu. Vuto lake linali lakuti sankasiyanitsa kukhoza pa nyimbo ndi kukhoza pa anthu, ndiponso ankaganiza kuti munthu wodziwa kupeka nyimbo angathenso kuyendetsa nkhani za makontirakiti popanda katswiri.

Chakumapeto kwa 1970 atatu enawo anamuuza kuti akufuna kukhala ndi mawu pa kayendetsedwe ka gulu ndi pa nyimbo. John anavomera monyinyirika, koma kwa Tom nthawi inali itatha kale, ndipo kumayambiriro kwa 1971 anachoka. John ananenapo kuti nyimbo ya "Have You Ever Seen the Rain" inachokera pa kusamvana kwa nthawi imeneyi, pamene zonse zinkaoneka zowala kunja koma m'kati anthu sakukondwa. Otsalawo sanafune munthu wina wolowa m'malo mwa Tom, ndipo anapitiriza ali atatu.

Chimbale chomaliza, Mardi Gras, cha mu Epulo 1972, ndi chimene chimaonetsa poyera mmene zinthu zinaipira. Nyimbo zinagawidwa pafupifupi mofanana kuti aliyense apeke ndi kuimba zake. Cook ndi Clifford amati John anawakakamiza, nakana kuimba pa nyimbo zawo, ndi cholinga chowachititsa manyazi pamaso pa dziko. Iwo amati chimene ankapempha ndi kumvedwa chabe, osati kusenzetsedwa katundu yense. John amati anawapatsa chimene iwo eni ankalirira. Mulimonsemo, olemba nkhani za nyimbo anachinyoza chimbalecho, ndipo Jon Landau wa magazini ya Rolling Stone analemba kuti chinali choipitsitsa pa zimbale zonse za magulu akuluakulu a rock zimene iye anamvapo. Mu Okutobala 1972 zinalengezedwa kuti gulu latha.

Nkhani ikanathera pamenepa, ndikhulupirira kuti abalewa akanayanjana, monga mmene mabanja ambiri amachitira mkwiyo ukaphwa. Pali umboni woti khomo linali lotsegukabe: mu 1980 onse anayi anaimbira limodzi pa ukwati wa Tom. Koma panali kontirakiti ija. Umwini wa nyimbo zimene John anapeka unali wa kampani ya Zaentz, gawo la ndalama zopita kwa oimba linali lochepa poyerekeza ndi kutchuka kwawo, ndipo gulu litatha John anapezeka kuti akadali ndi ngongole ya nyimbo zambiri zoti ajambulire Fantasy. Kuwonjezera apo, ndalama zambiri za oimbawa zinasungidwa ku Castle Bank and Trust ku Bahamas pofuna kuchepetsa msonkho, ndipo bankiyo itagwa ndalamazo zinalowa m'madzi. Khoti la ku California linagamula mu 1983 kuti apatsidwe madola 8.6 miliyoni, koma zaka zinali zitapita ndipo mitima inali itawawa kale. Pofuna kumasuka ku Fantasy, John anafika posiya gawo lake la ndalama zochokera ku zimbale za Creedence, ndipo kwa zaka zambiri ankakana kuimba nyimbo zakezo pagulu, poti kutero kunali ngati kulima m'munda wa mdani wake.

Pa mkangano umenewu Tom sanaime ndi mng'ono wake. Iye anapitiriza kutulutsa zimbale zake ku Fantasy komweko, ngakhale kuti sizinkagulidwa kwenikweni, ndipo anakhalabe pa ubwenzi ndi Zaentz. Kwa John kumeneku kunali kupereka m'bale m'manja mwa adani, ndipo wakhala akubwereza nkhaniyi nthawi zambiri akamafunsidwa ndi atolankhani. Koma tikayang'ana kuchokera kumbali ya Tom, Zaentz ndiye munthu amene ankamulandira ngati woimba woima payekha, chinthu chimene sanachipeze kwa mng'ono wake. Aliyense wa iwo anali ndi bala lenileni, ndipo aliyense ankaona la mnzake ngati laling'ono.

Zinafika pachimake pamene John anabwereranso mwamphamvu mu 1985 ndi chimbale cha Centerfield. M'chimbalemo munali nyimbo zonyoza Zaentz, amene anam'sumira chifukwa chomuipitsira mbiri, ndipo mutu wa nyimbo imodzi unasinthidwa. Kenako Fantasy inam'sumiranso kuti nyimbo yake yatsopano ya "The Old Man Down the Road" anaibera ku "Run Through the Jungle", nyimbo imene John yemweyo anapeka mu 1970 koma umwini wake unali wa kampani. Kunena mwachidule, munthu anaimbidwa mlandu wodzibera yekha. Mu 1988 John analowa m'khoti ndi gitala n'kuonetsa oweruza mmene amapekera nyimbo, ndipo anapambana. Nkhani ya ndalama zolipira maloya inafika mpaka ku khoti lalikulu kwambiri la America, limene linagamula mokomera iye mu 1994.

Tom sanaone mapeto a milandu imeneyi. Anatenga kachilombo ka HIV kudzera m'magazi amene anam'patsa pa opaleshoni ya msana, ndipo anamwalira mu Sepitembala 1990 ku Scottsdale, ku Arizona, ali ndi zaka 48. Patapita zaka zitatu, mu 1993, gululi linalandiridwa mu Rock and Roll Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a nyimbo za rock, koma John anakana kuimba ndi Cook ndi Clifford pa mwambowo, ndipo anaimba ndi oimba ena kuphatikizapo Bruce Springsteen. Cook ndi Clifford anatuluka m'holoyo ali okhumudwa, ndipo mu 1995 anayambitsa gulu lawo lotchedwa Creedence Clearwater Revisited, dzina limene linabalanso milandu ina.

Tsopano ku funso lanu lakuti wolakwa anali ndani. Pa kutha kwa gulu, ine ndikuika mlandu waukulu pa John, chifukwa mphamvu zonse zinali kwa iye, ndipo zimene mkulu wake ankafuna zinali zazing'ono: nyimbo imodzi kapena ziwiri pa chimbale, ndi kufunsidwa maganizo zinthu zisanagamulidwe. Gulu la Beatles linkapatsa George Harrison ndi Ringo Starr mpata wotere, ndipo zimbale zawo sizinachepe mphamvu chifukwa cha zimenezo. Pa zaka za pambuyo pake, Tom naye ali ndi gawo lake, chifukwa ankadziwa kuti mng'ono wake walandidwa ntchito ya manja ake, koma anasankha kukhala kumbali ya amene anailanda. Ndipo sitingaiwale kuti amene anapindula kwambiri ndi kusamvanaku sanali wa banja la Fogerty. Zaentz anakhala wopanga mafilimu wotchuka amene analandira mphoto za Oscar, ndipo chuma cha Fantasy chimene chinam'thandiza kuyamba ntchitoyo chinakula kwambiri ndi malonda a zimbale za Creedence.

Kampani ya Concord inagula Fantasy mu 2004, ndipo chaka chotsatira John anasainanso ndi Fantasy ili m'manja mwa eni atsopanowo. Zaentz anamwalira mu 2014. Mu Januwale 2023, ali ndi zaka 77, John anagula kwa Concord gawo lalikulu la umwini wa nyimbo zimene anapekera Creedence, patapita zaka zoposa 50 gululo litatha.