Kinnah Phiri ngati osewera komanso ngati kochi: yankho kwa m'bale wa ku Kamwendo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Kamwendo ku Mchinji, ndipo funso lake landikhala pamtima masiku onsewa. Iye walemba kuti: "Achimwene, bambo anga tikamaonera mpira limodzi samatha gemu osatchula Kinnah Phiri, amati masitiraika a lerowa sangamumasule nkomwe zingwe za nsapato. Ine Kinnah ndidamudziwa ali kale kochi wa Flames, ndiye ndiuzeni zoona, munthuyu ankachinyadi chonchi kapena ndi kukoma kwa nkhani za madala basi? Nanga ngati anali dolo, adamuchotseranji pa ukochi?"

Aise, poyamba penipeni, bambo akowo sakunama ayi. Ukapita kumudzi uwagulire ka sopo uwapepese ngati unkawatsutsa.

Kinnah adabadwa mu 1954, ndipo mpira wake wa pa kilabu kuno kwathu adausewera ku Bullets, nthawi imeneyo ikutchedwa Bata Bullets chifukwa inkathandizidwa ndi kampani ya nsapato ija. Ku timu ya dziko adayamba kusewera mu 1973 mpaka cha mu 1981, ndipo pa zaka zimenezi adamwetsa zigoli 71. Taima kaye uganize nambala imeneyi. Didier Drogba amene tonse timamulemekeza adachinyira Ivory Coast zigoli 65. Samuel Eto'o ku Cameroon ali ndi 56. Mnzathu wa kuseri kwa malire kwanuko ku Zambia, malemu Godfrey Chitalu, ndi amene ali pamwamba ndi 79. Ndiye mwana wa ku Malawi kuno ali m'gulu la anthu amenewa, ndipo kuyambira pomwe adasiya kusewera palibe Mmalawi wina amene wafikako ngakhale pafupi. Chiukepo Msowoya, Esau Kanyenda, Gabadinho Mhango, onsewa ndi anyamata oti atisangalatsa kwambiri ndipo ine ndimawakonda, koma pa nkhani ya zigoli za Flames Kinnah adawasiya kutali.

Wina anena kuti magemu ambiri nthawi imeneyo anali a m'chigawo chino chokha, tikumenyana ndi Zambia, Tanzania, Kenya, Uganda. Inde zoona, koma matimu amenewa sanali ofewa ayi. Zambia idafika mu fainolo ya Africa Cup mu 1974, Uganda idafika mu fainolo mu 1978. Amenewa ndiwo anali anzathu okumana nawo chaka ndi chaka mu East and Central Africa Challenge Cup, chikho chomwe lero timangoti CECAFA. Mu 1978 mpikisanowu udachitikira kuno kwathu ndipo Malawi idagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo, kochi ali mzungu wa ku England uja Ted Powell. Chaka chotsatira mu 1979 anyamata adakachiteteza chikhocho ku Kenya, kuwaswa eni bwalo 3-2 pamaso pa anthu awo. Kinnah ndiye anali kutsogolo kwa timu imeneyi, kumbuyo kuli Jack Chamangwana, pagolo Boniface Maganga.

Chimene chimandiwawa ine ndi choti ife a m'badwo uno tilibe poonera zimenezi. Malawi idalibe TV nthawi imeneyo, TVM idabwera mu 1999, ndiye zigoli za Kinnah anthu ambiri a kuno ku Kasungu sadazione ndi maso, adazimva pa wailesi ya MBC. Malume anga amene adagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya kuno amandiuza kuti tsiku la gemu ankayanika mabatire padzuwa kuyambira m'mawa kuti asathere panjira, kenako anthu khumi ndi kanthu kuzungulira ka wailesi kamodzi pansi pa mtengo wa mango, mwini wake wailesiyo atakaika pa mtondo wovundikira kuti aliyense amve, wina akatsokomola kumukalipira. Akamafotokoza amaimirira kuonetsa mmene Kinnah ankatembenukira ndi mpira, pomwe iwowo sadamuonepo akusewera ngakhale tsiku limodzi. Ndiye ukamva bambo ako akubwereza nkhani yomweyo kakhumi usatope nawo, chifukwa vidiyo ya Kinnah imene tili nayo ndi iwowo.

Cha mu 1982 adachoka m'dziko muno. Padabwera mwayi woti akasewere ku United Arab Emirates koma sadaloledwe kupita, paja nthawi ya Kamuzu munthu sunkangonyamuka mwa iwe wekha. Mapeto ake adakapezeka ku Swaziland, komwe lero kukutchedwa Eswatini, ku timu ya Manzini Wanderers, ndipo kumeneko ndi komwe adayambira ukochi. Ichi ndi chifukwa chake pomwe Malawi idapita koyamba ku Africa Cup mu 1984 ku Ivory Coast, dzina la Kinnah mulibe. Ine ndimadzifunsabe kuti zikadatha bwanji akadakhalapo, anali asanakwane nkomwe zaka 30. Ku mpikisano umenewo Algeria idatikwapula 3-0, usaiwale zimenezi, tibweranso pompano.

Tsopano ku ukochi. Anthu ambiri amathamangira ku Africa Cup ya ku Angola ya 2010, koma ine ndimayambira 2004. Chaka chimenecho timu inkatchedwa Bakili Bullets, pulezidenti Bakili Muluzi atathirapo ndalama zake, ndipo Kinnah adaifikitsa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League, m'njiramo atatulutsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Mu gulu lawo munali Enyimba ya ku Nigeria, Etoile du Sahel ya ku Tunisia ndi Africa Sports ya ku Ivory Coast. Maule, paja ndi dzina lina la Bullets, sadapitirire, koma taona, matimu awiri amene adakakumana mu fainolo chaka chimenecho, Enyimba ndi Etoile, onse adachokera mu gulu lomweli. Anyamata ngati Peter Mponda, Fischer Kondowe ndi goloboyi Swadick Sanudi adakhwimira mmenemo. Atachoka apo Kinnah adakaphunzitsanso Free State Stars ku South Africa.

Mu 2008 Stephen Constantine atatula pansi udindo, bungwe loyendetsa mpira la FAM lidamuitana Kinnah kuti atenge Flames. Timu inali itazolowera kuluza, masapota tidali titatopa. Pasanathe nthawi, m'magemu olimbirana malo ku Africa Cup ya 2010, Djibouti idamwa 8-1 pa Kamuzu Stadium, anthu nkumati aaa ndi Djibouti iyi. Kenako mu June chaka chomwecho kudabwera Egypt, akatswiri a Africa a 2006 ndi 2008, ndipo Chiukepo adachinya mpira uli pafupi kutha, 1-0. Mu October tidagonjetsa DR Congo 2-1 nkulowa ndime yomaliza. Mu ndime imeneyo zinthu zidavuta, ku Abidjan tidakamwa 5-0, Burkina Faso idatigonjetsa kwathu ndi kwawo komwe, koma tidaswa Guinea 2-1 ku Blantyre ndipo Ivory Coast itabwera tidalepherana 1-1, Jacob Ngwira atayamba kuchinya, mpaka adachita kulowetsa Drogba amene anali pa benchi kuti adzabweze. Mapointi 4 adatikwanira kukhala pa nambala 3 nkupita ku Angola, patatha zaka 26.

Tsiku la 11 January 2010 ine sindidzaliiwala. Linali Lolemba, nthawi ya dzinja, fodya ali pa kalikiliki m'minda. Tidadzadzana mu ka vidiyo sho kena pa Chinkhoma, ka mabenchi a matabwa a bulugama, jenereta ikulira kuseri, kutentha ngati mu chigafa, anthu ena atabwera ndi matope kumiyendo kuchokera kumunda osapita nkomwe kunyumba kukasamba. Algeria imeneyi inali itangotulutsa Egypt nkupeza malo ku World Cup ya ku South Africa, ndiye ambiri tidalowa tikungopempha kuti zigoli zisachuluke. Russel Mwafulirwa adachinya choyamba, tidakuwa koma ndi mantha. Elvis Kafoteka adadumpha nkumenya ndi mutu chachiwiri, benchi yathu idathyoka mwendo tonse pansi koma palibe adamva kuwawa. Pomwe Davi Banda ankaika chachitatu, mdala wina wa imvi amene adakhala pambali panga adandigwira dzanja mwamphamvu misozi ili mbwee, nkumangoti "mwana wanga, ngongole ya 84 yabwezedwa." Ine nthawi imeneyo sindidamvetse, ndidachita kukafunsa malume madzulo. 3-0 yomwe ija, timu yomwe ija, ndipo amene waibweza ndi munthu amene mu 1984 anali kunja osatha kuthandiza dziko lake.

Koma poti wafunsa zoona, ndinenenso mbali inayo. Titapambana Algeria tidagonja 2-0 kwa eni malo Angola, kenako gemu ya Mali tidaitaya tokha. Frederic Kanoute adachinya mphindi yoyamba, Seydou Keita adaonjezera isanakwane mphindi yachisanu, timu idalowa m'bwalo ngati ili mtulo. Russel adabweza chimodzi koma idatha 3-1. Chowawa nchakuti Angola ndi Algeria adalepherana 0-0, kutanthauza kuti ife kungolepherana chabe ndi Mali tikadalowa makota fainolo. Pamenepa ine kochi sindingamuchotsepo, kukonzekeretsa anyamata m'mutu pa gemu yotere ndi ntchito yake. Mu October 2011 zidachitikanso ku Chad, tikutsogola 2-1 mpira uli kumapeto, adatibwezera nkutha 2-2, malo a ku Africa Cup ya 2012 nkupita kwa Tunisia. Mu 2012 Ghana idatigonjetsa magemu onse awiri, ndipo kumayambiriro kwa 2013 adamuchotsa ntchito. Anthu ankadandaulanso kuti amakakamira anyamata omweomwewo ngakhale ena atayamba kutopa, ndipo apa ndikuvomereza kuti panali kachoonadi.

Komabe kwa ine kukakamira komweko ndi kumene kudatipititsa ku Angola. Kinnah adatenga anyamata amene amawadziwa kuyambira ku Bullets, kuphatikiza ndi amene ankasewera ku South Africa, nkuwasunga pamodzi zaka zingapo mpaka aliyense ankadziwa komwe mnzake athamangire asanayang'ane nkomwe. Ndipo akawauza kuti Egypt ndi anthu ngati inu nomwe, iwo ankakhulupirira, chifukwa wolankhulayo adanyamulapo chikho kawiri atavala jezi yomweyo, sizinali zowerenga m'buku. Kochi wochokera kunja angabwere ndi mapepala ochuluka bwanji koma chinthu chimenechi sangabwere nacho. Atachoka iye tidasinthasintha makochi kangapo, ndipo zidatitengera mpaka mpikisano wa ku Cameroon mu January 2022 kuti tibwererenso ku Africa Cup, Meck Mwase atatipititsako.

Ndiye m'bale wanga wa ku Kamwendo, ndikupemphe kanthu kamodzi. Ukapita kwa bambo akowo ukatenge foni, uwafunse za fainolo ya 1978 ija, anali kuti, ankamvera wailesi ya ndani, adachita chiyani chitalowa chigoli chachitatu, uwajambule mawu akufotokoza. Ukatero unditumizire pa imelo yomweyi, ine ndikawajambulanso malume anga kumapeto a mwezi uno ndikapita kumudzi, tidzaziike pano limodzi.