Asuweni, za azibambo a kamfuti aja

Eee, asuweni, mwaswera bwanji uko? Voice yanu ija ndaimva, ndachita kuibwereza chifukwa munkayankhula mothamanga, mawu akungogundana. Mwafunsa kuti azibambo amene anaima kuseri kwa neti pa masewero a baseball a mwana wanu woponya mpira uja Lachisanu, akumuloza ndi kamfuti, ndi ndani, komanso ngati 88 inatuluka ija ili yabwino. Ndiyankha, dekhani. Koma inu ndimakudziwani. Inu munayamba liti kusamala za manambala, paja masamu munkawazemba mpaka kukabisala kudimba kwa agogo? Chimene mukufunsa n'chakuti mwanayu azisiye za koleji zija popeza ndalama zanunkhira. Ndanama? Musayankhe pagulu pano, azakhali akumvetsera.

Chabwino. Amene aja ndi ma scout, anthu osaka osewera aluso, a matimu a MLB, ligi yaikulu ya baseball kuno ku America, kapena ena ndi a makoleji, sindinawaone ine. Kamfuti kaja ndi radar, kamayeza liwiro la mpira. 88 ndi mamailosi pa ola, tinene makilomita 142. Kwa mwana wa sekondale, mu Epulo, kuzizira kwa ku Indiana kuja zala zitauma, ndi yabwino ndithu. Mu ligi yaikulu oponya ambiri ali cha m'ma 94, ndiye musathamangire kugula mbuzi ya phwando. Koma iwowo sagula 88 ya lero ayi. Amayang'ana kuti thupi ili likadzakhwima, pa zaka 22 kapena 23, lidzaponya bwanji. Msinkhu, mapewa, ngati mkono ukuyenda mofewa kapena akuchita kukakamiza. Ngati liwiro la mu inning yoyamba, chigawo choyamba cha masewero, likadalipo mu yachisanu. Ngati curveball, mpira woponya mokhotetsa uja, ikukhota mwadzidzidzi kapena ikungoyandama. Amayang'ananso makolo, eee, kuti aone ngati mwana atalikebe. Ndiye tithokoze kuti anatengera bambo ake, chifukwa akanatengera inu, mmm, tisiye.

Ine poyimbira masewero kuno ku Texas ndimawaona ali kumbuyo kwanga. Amafika msanga, masewero asanayambe, kukaona mwana akutenthetsa mkono kumbali kuja kopanda owonerera. Mnzake akagwetsa mpira wophweka, onse amasiya kulemba n'kuyang'ana nkhope ya woponyayo, kuti atukwana, akwinya, kapena angopempha mpira n'kupitiriza. Kenako amapereka mamakisi kuyambira 20 mpaka 80, ndipo 50 ndiye wosewera wamba wa ligi yaikulu. Wamba wa kumeneko, osati wa ku South Bend kwanuko ku Indiana. Amene mwaonawo mwina ndi a m'dera basi. Akamukonda amaitana wamkulu wawo, crosschecker, woyerekeza ana a madera ambiri, ndipo pamwamba pake pali wina amene amasankha. Mukadzaona nkhope zachilendo zambiri tsiku limodzi, pamenepo ndiye mundiimbire usiku womwewo.

Dikirani, ndisanapitirire. Mukuwakumbukira amalume a ku Mchinji ndi mtedza wawo? Ayi, osati amalume aang'ono a njinga ija, za njinga tisaziyambe, titha kukangana mpaka mawa. Ndikunena akuluwo. Chaka chija chotsatira njala ya 2002... ayi, pepani, chinali chisanafike chaka cha njala, chifukwa agogo anali adakali moyo, ankakhala pakhonde kuswa nawo. Eya. Mtedza wa chalimbana unabereka chaka chimenecho, matumba mpaka kuchipinda kwa anyamata, ife tikugona pamwamba pake. Mavenda anayamba kuzungulira m'mudzi ndi masikelo awo anthu atangokumba, misika ya ADMARC isanatsegulidwe. Aliyense ali ndi ngongole ya fetereza, fizi ya ana ikudikira, ndiye anthu ankangopereka.

Panali venda mmodzi wa jekete lachikopa, dzuwa lili phwee iye ali m'jekete. Amalume anamulandira bwino zedi. Mpando, thobwa, moni wautali mpaka kufunsa za ana ake. Anamutsegulira thumba. Munthu uja anatapa, kugwedeza pafupi ndi khutu kuti amve ngati wauma, kuswa, kutafuna, kutapanso pansi penipeni pa thumba kuti aone ngati sanabise wonyowa kapena mphwephwa. Amalume ali phee, akusoka mphasa yawo. Kenako venda uja akuti, bambo, inu mukufuna zingati pa kilo? Amalume anangomufunsa ngati thobwa lakoma. Anabweranso patapita masiku, funso lomwelo, yankho lake linali la mvula ya chaka chatha. Akazi awo amalumewo, mukudziwa mmene analili, mbale zinkalira kukhitchini. Anatuluka n'kunena pamaso pa mlendo kuti ana abwezedwa kusukulu, inu mukusoka mphasa. Inu munalipo, munalira tsiku limenelo, musakane.

Usiku ndi pamene anatitenga ine ndi achimwene anu, tochi m'manja, kupita kuseri. Anatiuza kuti tigogode nkhokwe. Inali yodzaza mpaka kudenga, chimanga cha chaka chatha chisanathe n'komwe. Fizi anakalipira pogulitsa nkhumba imodzi. Mtedza sanaukhudze. Anatifotokozera kuti venda akafunsa mtengo wako safuna kudziwa za mtedza, mtedza wauona kale ndi maso ake. Akufuna adziwe ngati m'nyumba muno muli njala. Ukangotchula, wamuuza. Anadzagulitsa nthawi yotentha, anthu akusaka mbewu, ndipo malata a nyumba ija, imene tinakhalamo pa maliro aja, anachokera pamenepo.

Komatu amalume omwewo, chaka china, anadikira mopitirira. Denga la kachipinda kaja linkadontha, iwo osadziwa, mtedza unachita chuku matumba angapo. Anakhala sabata osayankhula ndi munthu. Zimenezonso ndinaziona, ndiye sindikunena kuti kudikira kulibe ngozi.

Ndinali pati? Eya, ma scout. Mvetserani tsopano asuweni, apa ndiye pali nkhani. Akamukondadi mwanayu adzatumiza mafomu, kenako wina adzapempha kubwera kunyumba. Adzakhala pa sofa yanu yamaluwa ija, adzayamikira mandasi, adzafunsa za sukulu, za kuvulala, za anzake. Kumapeto adzafunsa kuti, kodi pangafunike ndalama zingati kuti asaine m'malo mopita ku koleji? Si anthu oipa ayi, ndi ntchito yawo. Draft, pamene matimu a MLB amasankha osewera atsopano mosinthana, imachitika mu Julaye, matimu 30, maraundi 20. M'maraundi 10 oyambirira nambala iliyonse ili ndi ndalama yake yoikidwiratu, ndipo timu ikasankha mwana n'kukanika kumusainitsa, ndalama ya nambala imeneyo imachotsedwa pa thumba lawo la ndalama zosainitsira osewera. N'chifukwa chake amafuna kudziwiratu. Kupyola raundi ya 10, ambiri sapitirira madola 150,000, chifukwa yoposa pamenepo imadya thumba lija. Ndikudziwa mwaiwerengera kale m'makwacha, ndikukuonani. Chotsanipo msonkho. Ndipo amaipereka kamodzi kokha. Malipiro a m'matimu aang'ono anakwera mu 2023 osewera atapanga mgwirizano wawo, komabe pansi penipeni ndi cha m'ma madola 20,000 pa chaka, ndipo ambiri osankhidwa safika mu ligi yaikulu.

Ndiye nkhokwe ya mwanayu ndi malo ake a ku koleji aja. Chimene chimamupatsa mphamvu ndi chakuti angathe kunena kuti zikomo, ndikupita kusukulu. Musatchule nambala pa sofa paja, ndipo musawauze a koleji kuti mwasintha maganizo. Mukachita chimodzi mwa ziwirizi, mtengo wagwa mpira asanaponye.

Taonani woponya wotchuka uja, Gerrit Cole. Mu 2008 a Yankees anamusankha ali wa sekondale, nambala 28, raundi yoyamba. Anakana, anapita ku koleji ya UCLA. Mu 2011 a Pirates anamutenga nambala 1, madola 8 miliyoni. Aaron Judge naye a Oakland anamusankha mu 2010 ali ku sekondale, kutali ku raundi ya 31, nthawi imeneyo maraundi anali ambiri. Anapita ku koleji ya Fresno State, mu 2013 a Yankees anamutenga mu raundi yoyamba. Koma chuku chija chiliponso. Brady Aiken, 2014, nambala 1 ya dziko lonse, a Astros. Anagwirizana madola 6.5 miliyoni, madokotala atayang'ana chigongono timu inatsitsa ndalama, sanasaine. Chaka chotsatira anachitidwa opaleshoni ya chigongono chomwecho, a Cleveland anamutenga ndi ndalama yosafika theka la 6.5 miliyoni ija, ndipo mu ligi yaikulu sanafikemo. Mkono wa woponya ndi chinthu chosalimba, asuweni. Komanso akalowa koleji ya zaka zinayi, draft amaidikira mpaka atamaliza chaka chachitatu kapena atakwanitsa zaka 21. Ya zaka ziwiri ija, junior college, angathe kulowanso mu draft chaka chilichonse. Zonsezi n'zofunika kuziyeza modekha.

Sindikuti asadzasaine, mundimvetse. Ikadzabwera ndalama yoti ngakhale mkono utaduka mawa mwanayu aima payekha, ndipo mu kontrakiti alembamo kuti timu idzamulipirira sukulu akadzasiya, pakuti zimenezo zimatheka mukazipempha, ine ndidzakhala woyamba kuvina. Koma nambala imeneyo mukhale pansi inu, bambo ake, mwiniwakeyo, ndi mlangizi wodziwa za draft amene mwafunsa bwino za malamulo a NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, kuti mwana asataye mwayi wosewera ku koleji. Muigwirizane chitseko chili chotseka. Mlendo akafunsa, muzingoti tikukambirana pabanja, ndipo mwana amaikonda sukulu yake. Basi. Inu pakamwa panu ndimapadziwa, munaulula za chinkhoswe cha achemwali anthu asanapite n'komwe kwa ankhoswe. Ulendo uno mugwire. Nambala isatuluke, koleji isatayidwe.

Ndipo mwanayo musamuuze zambiri. Ndaona ana abwinobwino akangoona kamfuti amayamba kuponya ndi mphamvu zonse kuti 88 ikhale 91, mpira n'kumapita kumwamba, phewa n'kuyamba kuwawa. Ma scout amaziona zimenezo msanga kuposa inu ndi ine. Aziponya mmene amaponyera, azigona mokwanira, chigongono chikangolasa anene tsiku lomwelo, asabise poopa kuti alendo abwera. Kochi akafuna kumuponyetsa masiku oyandikana chifukwa masewero ndi ofunika, bambo ake akayankhule naye mwaulemu. Magiredinso asatsike, koleji imatha kubweza mwana chifukwa cha zimenezo, ndiye nkhokwe yapsa.

Mphindi zakwana zingati apa? Iii, azakhali andidandaula za bandulo. Munditumizire vidiyo ya masewero akubwerawa, mujambule muli chakumbali, osati kumbuyo kwa neti, ndipo musakuwe pafupi ndi foni ngati ulendo watha uja, sindinamve china koma dzina la Yesu. Fomu ikabwera, malo ofunsa za ndalama musadzaze, muijambule munditumizire kumbali. Kwa a koleji musanene kanthu, malo ake akhale momwemo. Ndiimba Lamlungu mukatuluka ku tchalitchi, bambo ake akhale pafupi.