Kodi amayi a ku Saudi anangopatsidwa chiwongolero?

Mayi wina wanditumizira imelo kufunsa kuti: "Ndinamva kuti amayi a ku Saudi Arabia anayamba kuyendetsa galimoto chifukwa mwana wa mfumu anawamvera chisoni. Kodi n'zoona?"

Mayi, mwamva mbali imodzi yokha. Inde, Mfumu Salman inalamula mu Seputembala 2017 kuti chiletso choti amayi asamayendetse galimoto chithe, ndipo chinathadi pa 24 Juni 2018. Koma zoti chinali chisoni, ine ndikukana. Amayiwo anakhetsera thukuta nkhaniyi kwa zaka pafupifupi 28.

Pa 6 Novembala 1990, amayi 47 anatsitsa madalaivala awo n'kugwira okha chiwongolero m'misewu ya Riyadh, likulu la dzikolo. Apolisi anawagwira, mapasipoti awo analandidwa, ndipo ena anaimitsidwa ntchito. Mu 2011 Manal al-Sharif anajambulitsa vidiyo akuyendetsa n'kuiika pa YouTube, ndipo anagona m'chitokosi kupitirira sabata. Kumapeto kwa 2014 Loujain al-Hathloul anafika pachipata cha dzikolo akuyendetsa yekha kuchokera ku United Arab Emirates, laisensi yakumeneko ili m'manja. Anamutsekera masiku 73.

Chondiwawa kwambiri ndi ichi. Mu Meyi 2018, kutangotsala masabata ochepa kuti chiletso chichoke, boma linamanga Loujain, Aziza al-Yousef, Eman al-Nafjan ndi anzawo omenyera ufulu wa amayi. Tsiku limene amayi ena ankaimba mahutala mosangalala, olima mundawo anali m'ndende. Mmene ndikuonera, akuluakulu sanafune kuti anthu aphunzire zoti kuchita khama polankhula kumasintha lamulo. Ankafuna lioneke ngati mphatso yochokera kunyumba yachifumu.

Abale a Loujain ananena kuti anamuzunza ndi magetsi ndiponso zikwapu, koma boma linakana. Mu Disembala 2020 khoti loweruza milandu ya zauchigawenga linamugamula zaka 5 ndi miyezi 8, mbali ina n'kuiimika. Anatuluka mu Febuluwale 2021 koma ataletsedwa kutuluka m'dzikolo.

Musaiwale kuti amayiwa sankalimbana ndi za galimoto zokha. Muzu wake ndi lamulo loti mkazi aliyense akhale ndi mwamuna womuyang'anira, kaya bambo ake, mwamuna wake, mchimwene wake, ngakhale mwana wake wobereka yekha. Kuyambira mu 2019 mkazi wazaka 21 amatha kutenga pasipoti n'kuyenda osapempha chilolezo, ndipo zimenezi sizochepa. Koma lamulo la zamabanja la 2022 likunenabe kuti pokwatiwa, womuyang'anirayo ndi amene amamangitsa ukwatiwo m'malo mwake, ngakhale mkaziyo atakhala dokotala wazaka 40.