Makaseti a filimu ndinasiya kugula, chifukwa chake ndi ichi

Achimwene ena a ku Joni andilembera email, akuti agula chimpukutu cha filimu ya kamera yotchedwa Fomapan cha mamita 30.5 koma makaseti opanda kanthu oti azilongezamo (timazitini tija filimu imakhalamo poiika mu kamera) sakuwapeza otchipa. Funsoli landikhudza kwabasi chifukwa bvuto lomweli linandisowetsapo tulo ine.

Nditayamba kujambula ndi filimu kuno ku UK mtengo wake unkandiwawa, ndiye ndinagula loader yakale ya Watson, ija umaikamo chimpukutu chonse uli mumdima kenako nkumapukusira mu kaseti magetsi ali oyaka. Chimpukutu chimodzi chimatulutsa ma roll pafupifupi 18 a zithunzi 36, ukawerengera ndalama umangoona kuti apa ndapulumuka. Makaseti ndinagula apulasitiki aja otsekera mopotokola, atsopano, ndipo poyamba ankagwira bwino. Tsiku lina mnzanga wandipempha kuti ndikajambule chinkhoswe cha mlongo wake, ndajambula zonse bwinobwino, ankhoswe akusinthana nkhuku, azimayi akuvina ndi zitenje zofanana, kaseti ndaika mthumba la jekete. Pofika kunyumba kachivindikiro kaja kali pakokha, kaseti ili pakokha. Negetivu itatsukidwa mbali yonse ya mmwamba yakuda bii, nkhope za anthu zapsa ndi kuwala. Mnzangayo sanandikalipire koma mpaka lero zimandipweteka mumtima, chinkhoswe sichibwerezedwa.

Ndiye ndinene mosabisa, makaseti apulasitiki amenewo kwa ine ndi kutaya ndalama basi. Achitsulo otsekera mokanikiza ali bwinoko koma nawonso ukawagwetsa pansi chivindikiro chimatha kufwamphuka. Ndipo chimandinyansa kwambiri ndi anthu amene akugulitsa pa eBay makaseti ogwiritsidwa kale ntchito, zinthu zoti malabu otsuka filimu amataya mu bini, iwo nkumatchaja ngati ndi golide. Mwana amene akuphunzira kumene kujambula ayambira pati?

Komanso kale anthu ankapanga zinthu zolimba abale. Leica inali ndi makaseti achitsulo otchedwa FILCA ndi IXMOO, opanda kansalu kakuda kaja ka pakamwa, kachitseko kake kamatseguka kokha ukakhoma kamera, filimu imadutsa osakhudza chilichonse. Nikon nayo inali ndi ake a kamera ya F. Koma amenewo amangolowa mu makamera awo okha ndipo masiku ano ndi a anthu osonkhanitsa zakale, ife sitingawakwanitse. Kansalu kajatu ndi kamene kamasunga fumbi ndi mchenga, kambewu kamodzi ka mchenga kamakanda mzere kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza, ndipo ndi fumbi la Joni la mwezi wa August lija muzisamala zedi.

Ndiye mupange bwanji

Pitani ku labu yotsuka filimu mukapemphe makaseti otha ntchito. Mayi wina wa pa labu ya kufupi ndi kwathu anandipatsa jumbo yodzadza osalipira kanthu. Makina awo akamasolola filimu amadula nkusiya kachidutswa kakutuluka pakamwa, inu mumangolumikiza filimu yanu pa kachidutswako ndi selotepi mbali zonse ziwiri, nkupukusa. Zivindikiro zake ndi zofinyidwa ku fakitale, sizitseguka mthumba olo pang'ono. Sankhani osapindika, kansalu kaja mupukute ndi selotepi kuti fumbi lichoke, muzisunga mu timabotolo take, ndipo kaseti ikayenda maulendo angapo itayeni mukatenge ina.

Chimodzi chokha, yang'anani DX code, timabokosi tasiliva ndi takuda tija Kodak inabweretsa mu 1983. Makamera ang'onoang'ono a automatic amawerenga ISO (nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala) pamenepo, ndiye ngati Fomapan yanu ndi 100 fufuzani makaseti a 100, kapena gwiritsani kamera yoti ISO mumatchera nokha.