Makina sanapeze TB mwa mwana, koma amupatsa mankhwala: yankho kwa mayi wa ku Khombedza

Mayi wina wa ku Khombedza kuno ku Salima wanditumizira imelo. Mwana wawo wa zaka 3 watsokomola mwezi wathunthu, sakudya, ndipo kusikelo sakukwera. Bambo a mwanayo ali pa mankhwala a chifuwa chachikulu. Kuchipatala anayeza chimbudzi cha mwanayo pa makina, sanapeze kanthu, komabe adokotala anamuyambitsa mankhwala a TB. Akufunsa kuti: "Kodi sanalakwitse? Ndisiye kumumwetsa?"

Mayi, chonde musasiye.

Makina amenewo ndi a GeneXpert. Pa maikulosikopu woyeza amafunika kuona tizilombo ta TB ndi maso, pomwe makinawa amasaka DNA (chizindikiro cha chibadwa) ya kachilombo ka TB n'kuichulukitsa mpaka idziwike, ndipo yankho limatuluka m'maola awiri okha. Amanenanso ngati TB-yo ndi yosamva rifampicin, mankhwala amene timadalira kwambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linavomereza makinawa mu 2010, ndipo mu 2013 linati ana aziyezedwanso nawo.

Koma TB ya mwana si ya munthu wamkulu. Mwa wamkulu matendawa amaboola mapapo, makhololo amadzaza tizilombo. Mwa mwana tizilombo timakhala tochepa kwambiri, kawirikawiri tobisala mu anabere a mkati mwa chifuwa. Komanso mwana wa zaka 3 sadziwa kulavula makhololo, akatsokomola amangomeza. N'chifukwa chake anakupemphani chimbudzi, poti zomwe wameza zimatsikira m'mimba n'kutulukira komweko. WHO inavomereza njira imeneyi mu 2020, ndipo ine ndimaiyamikira. Njira ina ndi yolowetsa kapaipi m'mphuno mpaka m'mimba, m'mamawa mwana asanadye kanthu. Ndinaonapo mayi atapanikiza miyendo ya mwana wake anesi akulowetsa kapaipiko, mwana akulira mpaka mawu kusasa, mayi naye misozi ili chuchuchu. Nthawi zina palibe kuchitira mwina, koma ngati kabotolo ka chimbudzi kangakwanire, bwanji tisayambire pamenepo?

Makina akapeza TB, ndiye kuti ilipodi. Akapanda kuipeza, sizitanthauza kuti mulibe. Ana ambiri odwala TB makina sawapeza, chifukwa m'kachimbudzi kapena m'makhololo omwe ayezedwa simunagwere tizilombo tokwanira. Apa ndiye pamafunika nzeru za adokotala. Amaona kuti m'nyumba muli wodwala, chifuwa chapitirira masabata awiri, mankhwala ena sanathandize, amatsegula kabuku ka kusikelo n'kuona mzere wagona kapena watsika, ndipo pomwe zingatheke amajambula pachifuwa ndi kuyeza HIV. Zomwe mwalembazi zikugwirizana ndi TB. Kudikira n'koopsa, chifukwa mwa ana osakwana zaka 5 matendawa sachedwa kufalikira thupi lonse mpaka ku ubongo.

Mankhwala ndi a miyezi 6. Kuyambira 2022 WHO imalola miyezi 4 kwa ana omwe TB yawo sinakule, koma zimenezo aziona adokotala, osati inu mukaona kuti wayamba kusewera. Mkodzo ukafiira musadandaule, ndi rifampicin ameneyo. Koma maso akachita chikasu kapena akamasanza kwambiri, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Simunanene ngati muli ndi ana ena. Ngati alipo, makamaka osakwana zaka 5, atengeni mukamapita kukatenga mankhwala, ngakhale akuoneka athanzi. Akawapima, ndipo amene sanadwale pali mankhwala owateteza, aulere m'zipatala za boma.